Nthanga za Keziya ku Zolozolo

Zolozolo, Mzuzu
5 Novembala 1989

Keziya mkazi wanga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu, wa amayi, ndi wa alamu anga a Frackson. Kodi mutu uja unkakuvutani tsiku londiperekeza ku depoti ya ku Limbe unaleka? Ine kuno ndili bwino, kungoti thupi silinazolowere. Mwezi uno kumeneko mukugona chitseko chili pululu chifukwa cha kutentha, koma kuno m'mawa ndimapita kusukulu nditavala juzi.

Akuti andibwezera kwathu. Inu mukudziwa kuti ku Nkhata Bay ndinachokako ndili kumsana kwa amayi, ndipo ndinakulira m'minda ya tiyi ku Thyolo. Chitonga ndimangomva, Chitumbuka ndiye ndikuphunzira kwa ana amene ndimawaphunzitsa. Ndikalankhula amaseka mpaka kugwetsa mapensulo. Koma poti lamulo lati mphunzitsi aliyense akagwire ntchito ku chigawo chimene anachokera, inu a ku Chiradzulu mwatsala ndi kalasi yanu, ine wakumpoto ndili kuno ndi yanga. Za zimenezi tisachulutse mawu papepala.

Ndapeza kachipinda kuseri kwa nyumba ya mayi wina, dzina lawo NyaLongwe. Kuno akazi amawatchula choncho, Nya kenaka mfunda wa bambo awo. Amakhala okha, amuna awo anamwalira. Ndi munthu wa mtima wabwino kwambiri.

Tsono nayi nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Nthanga za maungu zija munandimangira m'kampango sindinazikazinge monga munkandinenera. Ndinazidzala. Pabwalo pano nkhuku ndi zambiri ndipo mvula siinayambe, ndiye ndinatolera zitini, n'kuboola pansi, n'kuthiramo dothi, n'kuzisanja pawindo. Dzana zamera. Keziya, ndinadzuka n'kupeza timitu tatuluka, ndipo ndinaima pamenepo mpaka tiyi kuzizira.

Koma pali vuto. Pafupifupi mbande zonse zatuluka zitavala khoko la nthanga kumutu. Masamba awiri oyamba aja apanidwa m'kati, akulephera kutambasuka. Ine ndikuona ngati zikubanika, ndipo zala zanga zikuyabwa kuti ndizivule. NyaLongwe atandipeza nditawerama pamenepo anati, "Lekani waka, asambizi," kutanthauza kuti ingozisiyani, aphunzitsi. Koma awa ndi maungu a kudimba kwa amayi, si a kuno. Mwini wake ndinu. Kodi ndichotse makokowa kapena ndisiye?

Mukudziwa kuti chikwatiranireni, ine kudimba ntchito yanga inali kukunyamulirani khasu ndi kudya nkhwani. Musandiseke kwambiri. Yankhani msanga zisanafe.

Ine mwamuna wanu,
Overtoun Mhone

Namitambo, Chiradzulu
17 Novembala 1989

Abambo,

Kalata yanu yandipeza dzana. Inagona masiku m'kabati ya kusukulu chifukwa ndinajomba pang'ono, thupi silinali bwino. Musade nkhawa, ndidzakuuzani pamaso. Inu muli bwanji? Mukudya? Amayi akupereka moni. Achimwene akuti njinga yanu akuisunga bwino, koma ine ndikuona kuti akuisunga poikwera.

Mwati ndisaseke kwambiri. Ndaseka mpaka amayi kubwera kudzafunsa ngati m'kalatamo mwaikamo chithunzi. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuitanani kudimba inu n'kumati muli ndi makope oti muchonge, lero mwakayambira ulimi pawindo la eni ake!

Mverani tsono. Munakwirira pamwamba kwambiri. Nthanga imafuna ilowe m'dothi mpaka pa mfundo yachiwiri ya chala, kuti potuluka dothi ligwire khoko, mbande ituluke itavula kale. Ndiponso dothi la m'chitini limauma msanga, ndiye khoko lauma n'kulimba. Musakoke. Mukakoka louma, masamba awiriwo aduka, ndipo mbande yoduka mutu siphukanso. M'mawa uliwonse dontherezani madzi pakhokopo, kapena malovu ngati palibe amene akukuonani, kenaka phimbani ndi kansalu konyowa. Zambiri zivula zokha. Ikatsala ina yokanika, tsinde litayamba kufooka, imeneyo ndiye muithandize. Khoko likafewa, lifinyeni m'mbali pang'onopang'ono, litsegula kukamwa lokha. Likakana, lisiyeni mpaka mawa. Manja anu a choko aja ndimawadziwa, amafulumira.

NyaLongwe wanuyo ananena zoona. Kodi ndi mayi wotani, ali ndi ana? Mwangoti ndi wa mtima wabwino, basi.

Kalata yopempha kuti andisamutsire ku Mzuzu ndalemba, ili m'manja mwa a hedi. Akuti zotere zimatenga nthawi ndipo ndisayembekezere zambiri. Anthu ena pamudzi pano ayamba kale kundiyang'ana ngati wamasiye. Ine sindiwayankha.

Mundiuze tsiku limene mutsekere sukulu ndi basi imene mudzakwere pa Khirisimasi. Ndili ndi mawu amene sindifuna kuwapatsa munthu wa positi kuti anyamule. Mbali yanu ya bedi ndaunjikako makope a ana kuti isamaoneke yaikulu.

Ine wanu,
Keziya

Zolozolo, Mzuzu
21 Novembala 1989

Keziya,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumeneko. Ndikungokhulupirira, chifukwa yankho lanu silinafike. Tsiku lililonse ndimafunsa ku ofesi ya sukulu mpaka a kalaliki ayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa.

Ndinalephera kudikira. Loweruka lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinatenga singano n'kuyamba kuvula makoko aja. Yoyamba inavula bwino, ndipo ndinadziona ngati dokotala. Yachiwiri khoko linachoka pamodzi ndi masamba ake, kunangotsala kamtengo kobiriwira kali njo. Ndinati mwina ndalakwitsa kagwiridwe, n'kuyesa ina, kenaka inanso. Pamene NyaLongwe amatulukira n'kundilanda singano, theka la zitini linali la timitengo topanda mitu. Ndinazithirirabe masiku angapo, koma zinauma. Pepani. Munasankha nokha nthanga zimenezi pamphasa, imodziimodzi.

Sabata yomweyo malungo anandigwetsa. Musachite mantha, ndachira. NyaLongwe ndi amene anandisamala. Anakanditengera mankhwala, amandiphikira phala, ndipo malaya anga onse anachapa ndi kusita. Tsiku limene thupi linatentha kwambiri sanachoke pambali panga. Mbande zotsala anazisamutsira pakhonde pawo, akuti kwa ine sizili pabwino. Kunena zoona, pakanapanda mayi ameneyu sindikudziwa kuti ndikanatani m'tauni muno. Choncho za ine musade nkhawa ngakhale pang'ono, ndikusamalidwa bwino.

Pali nkhani ina imene siikukondweretsani. Pa Khirisimasi sindibwera. Pali zina zimene ndikufuna kulongosola kuno pa tchuthi, ndipo zikufunika kuti ndikhalepo ndekha. Ndidzakufotokozerani zikatheka. Za kusamuka kwanunso musafulumire. Khalani kaye ndi amayi, gwirani ntchito yanu mtima uli m'malo. Kuno sikunakonzeke.

Moni kwa onse.

Overtoun

Namitambo
4 Disembala 1989

A Mhone,

Ndalandira kalata yanu. Ndathokoza Mulungu kuti mwachira, ndipo mundithokozere amene akukusamaliraniwo.

Poti mwati ndisafulumire, sindifulumira. Ndawauza a hedi kuti kalata yopempha kusamuka ija aisunge kaye m'dirowa.

Za mbande ndinayankha kale, koma ndaona kuti alangizi muli nawo pafupi. Zimene zafa zafa.

Khirisimasi yabwino.

Keziya

Namitambo
6 Disembala 1989

Alamu,

Moni. Ife kuno tilipo, mvula yagwa, tadzala. Kaya inu kumeneko.

Ine si munthu wa makalata, mukudziwa. Ndalemba chifukwa amayi andikhazika pansi n'kundipatsa pepala, ndipo akhala pomwepa kundiyang'anira. Mlongo wanga sakudziwa kuti ndikulemba.

Iyi si nkhani yoti mwamuna n'kumalembera mwamuna mnzake, koma palibe wina. Keziya ndi woyembekezera. Anazindikira inu mutangochoka. Sanakuuzeni chifukwa cha kawiri kaja zinapita padera. Akuti anaona mmene munalirira kuseri kwa chipatala ulendo wachiwiri uja, ndipo sanafune kuti muzikawerenga miyezi muli nokha kutali. Amafuna adzakuuzeni pa Khirisimasi, atakugwirani dzanja.

Mwezi watha anadwala, tinathamanga naye ku chipatala cha mishoni pa njinga yanu ija. Zinagwira, mwana alipo. Koma anamwino anena kuti asanyamule ndowa, asagwire khasu, asakwere basi ya ulendo wautali, ndipo asamade nkhawa. Zitatu zoyambazo tikuzikwanitsa. Chachinayicho mwatisokonezera ndinu.

Chifikireni kalata yanu sakudya bwino. Amangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Ndiye pali azakhali ena pano amene pakamwa pawo sipatsekeka. Akumuuza kuti mwamuna akabwerera kwawo abale ake amamupezera wa chinenero chawo, makamaka ngati kuno sanasiye mwana. Ine ndinawathamangitsa pakhomo, koma mawu anali atalowa kale.

Tsono alamu, ndikufunseni mwachimuna. NyaLongwe ameneyu ndi ndani? Munthu wochapa malaya anu, wokhala pambali pa bedi lanu, ndipo inu n'kumulemba m'kalata iliyonse. Nanga zimene mukulongosola pa tchuthizo ndi chiyani, zoti mkazi wanu asadziwe? Ine ndakhala nanu zaka zambiri, sindinakuoneni ndi khalidwe loipa. Ndawauza amayi kuti munthu amene amalira maliro a maungu sangakhale ndi mtima wotaya mkazi. Koma ngati ndalakwitsa, nenani poyera, tidziwe chochita ndi mlongo wathu.

Yankhani msanga. Tayala lakumbuyo la njinga ndasintha.

Ine mlamu wanu,
Frackson

Zolozolo, Mzuzu
14 Disembala 1989

Keziya wanga, Keziya wanga,

Makalata atatu andipeza tsiku limodzi: yanu ya malangizo ija, imene inakazungulira ku Mzimba isanafike kuno, yanu yaifupi, ndi ya alamu. Ndinayamba ndi yaifupiyo. Ndinamaliza ndi ya alamu nditakhala pansi pa simenti ya ofesi ya sukulu, a kalaliki akundikupiza ndi kaundula. Musawakalipire achimwene anu. Muli bwanji lero? Mwadya? Ndikupemphani, ikani kalatayi pansi, mudye kaye, kenaka mupitirize.

NyaLongwe ndi wamkulu kuposa amayi anu. Amayenda ndi ndodo, ndipo adzukulu awo ena ali ndi ndevu. Ine ndi uchitsiru wanga ndinalemba zonse kupatula chimenechi. Nditawafotokozera zimene zachitika anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anasiya kuseka n'kundikalipira m'Chitumbuka kwa nthawi yaitali. Sindinamve zonse, koma mawu oti chindere ndawadziwa tsopano, ndi chitsiru.

Zimene ndimati ndilongosole ndi nyumba. Chipinda chimene ndikukhala n'chaching'ono, ndimagona pamodzi ndi matumba a chimanga, ndipo mvula itayamba ndapeza kuti denga limadontha pamutu penipeni pa bedi. Ndinachita manyazi kukuuzani. Ndinamva kuti pasukulu pano nyumba ina ya aphunzitsi ikhala yopanda munthu pa tchuthi, ndipo amene adzakhale pafupi ndi amene angaipeze. Ndimafuna ndidzakulembereni kiyi ali m'thumba. Ponena kuti musafulumire ndimatanthauza kuti musasiye ntchito ndi amayi chifukwa cha ine, n'kudzagona pansi pa denga lodontha. Sindinalembe kuti ndikukufunani chifukwa ndimaopa kuti mungonyamuka. Ndikukufunani, Keziya. Ndimalankhula ndi zitini chifukwa mulibe.

Nyumbayo aitenge ena. Titsekera mawa, ndipo Lolemba ndikwera basi. Mwina ine ndi kalatayi tifika limodzi.

Za mbande: zimene anandilanda NyaLongwe zambiri zinavula zokha, monga munanenera. Zinatsala ziwiri zokanika. Dzulo m'mawa ndinazinyowetsa, n'kudikira, n'kufinya m'mbali monga mwa kalata yanu. Ina inatsegula, masamba ake ndi opindika ndi otuwa koma ili moyo. Inayo ndinapeza itaolera kale m'kati, ndinachedwa nayo.

Mayi aja akuti ndisatseke envulopu iwo asanalankhule. Ndikulemba monga akunenera:

"Monire mwana wane. Ine ndine NyaLongwe, mwanakazi mnzako amene wakulanda mwamuna. Mano ndatsala nawo ochepa chomene, ndiye ukabwera udzamutenge, ine wanditopetsa. Munthu uyu kuchapa sadziwa, kudikira sadziwa, ndipo atadwala amangoitana dzina lako mpaka nkhuku zanga zalidziwa. Ine ndinataya ana atatu ndisanagwire woyamba wamoyo, ndiye mantha ako ndikuwadziwa. Gona, idya, usanyamule kanthu. Majungu ako ndikuyang'anira ine. Yewo."

Majungu ndi maungu. Ndikubwera.

Overtoun

Zolozolo, Mzuzu
14 Januwale 1990

Keziya,

Ndafika bwino, ngakhale basi inatifera pa Jenda n'kutikhazika theka la tsiku. Mwadzuka bwanji inu awiri? Ndikulemba mawu amenewa, inu awiri, n'kumawayang'ana.

Nyumba ija anapatsa mphunzitsi wina wa ana asanu amene anachokera ku Dedza, banja lake lonse limagona m'kalasi. Nditawaona akulowetsa katundu sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. NyaLongwe atulutsa matumba a chimanga m'chipinda changa, ndipo Loweruka ine ndi mdzukulu wawo wamkulu tinakwera padenga kumata mabowo ndi phula. Akutinso chipinda chapakati chikhala chathu mukadzabwera, chifukwa chimalowa dzuwa.

Ndili kumeneko anawokera mbande zija kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku, n'kutchingira ndi minga. Zayamba kuyanga. Ija ya masamba opindika yatsalira pang'ono koma ikutsatira anzake. Nthanga zimene amayi anandipatsa ulendo uno ndadzala m'nthaka mwenimweni, mpaka mfundo yachiwiri ya chala. Zonse zatuluka zitavula kale. Ndinawaitana NyaLongwe kuti adzaone, iwo anangoti, "Ndiye mukufuna ndikuombereni m'manja?"

Ndathokoza kuti kalata ija mwaitulutsa m'dirowa la a hedi. Koma tinagwirizana: iyankhidwe kapena isayankhidwe, simukwera basi mpaka anamwino atalola. Ndidzabwera pa Pasaka. Ndowa ija ndinakuonani mukuiyang'ana, musaikhudze. Alamu ndawauza kuti njinga ndi yawo mpaka kalekale, bola azitunga madzi.

Mundilembere sabata iliyonse, ngakhale mizere iwiri. Ine ndizilemba zonse tsopano, ndi zaka za anthu zomwe.

Wanu,
Overtoun

Ku chipatala cha mishoni
2 Juni 1990

Bambo a mwana,

Ndikhulupirira uthenga wa lamya umene achimwene anaimba kusukulu kwanu unakupezani. Koma iwo aja ndikuwadziwa, anangoti "wabadwa" n'kuika foni pansi. Ndiye ndapempha pepala kwa anamwino kuti mumve kwa ine. Muli bwanji? Akuti kumeneko mwezi uno kumazizira mpaka mano kuguguda, muzivala juzi ziwiri.

Ndi wamkazi. Anafulumira ndi masabata angapo, Lachiwiri m'mawa, amayi ali kumunda kokolola. Ndi wamng'ono, chipewa chimene ndinaluka chikumufika m'maso. Koma akuyamwa, ndipo adokotala amuyeza n'kunena kuti zonse zili m'malo. Makutu ndi anu, pepani. Ine ndili bwino, ndikuyenda pang'onopang'ono m'khonde.

Dzungu lija munatumiza ndi dalaivala wa lole linafika. Amayi analizungulira kawiri, n'kuligogoda, n'kunena kuti la kudimba kwawo silinakulepo choncho. Anaphika theka n'kubwera nalo kuno, tinagawana wodi yonse. Muwauze NyaLongwe kuti ndadya, ndipo ndikubwera kudzawalanda mwamuna wanga.

Yankho la kusamuka silinabwere. Ndaganiza, ndipo ndalankhula ndi amayi ndi achimwene. Libwere kapena lisabwere, mukatsekera sukulu mudzatitenge. Ngati kudzakhale kusiya choko, ndidzasiya, ndidzalima. Mwanayu sadzadziwa bambo ake kudzera mwa munthu wa positi. Dzina sindinamutche, ndikudikira inu.

Ndilekeze apa, wadzuka. Abambo, mwanayu amalira. Thupi lonse ndi lochepa ngati botolo, koma mawu ake amafika mpaka ku geti. Mayi wa bedi loyandikana nane wayamba kudandaula, ndipo anamwino amandiuza kuti ndizimunyamula msanga. Ndimamunyamula ndithu. Koma ndisakunamizeni, sindifulumira. Ndimayamba ndamvetsera kaye.

Ine mkazi wanu,
Keziya